Chilungulira chofika pakhosi: mapiritsi, Nissen kapena Toupet?

Ambiri timadziwa chilungulira ngati moto wa pachifuwa, koma pali ena amene asidi wa m'chifu amawakwerera mpaka pakholingo osamva kutentha kulikonse. Oterewa amadzuka mawu atasasa, amakhalira kutsokomola, ndipo amamva ngati mbamu ya nsima yaima pakhosi. Ine ndimaphunzitsa kuno ku Lilongwe, mawu ndiye khasu langa, n'chifukwa chake nkhaniyi ndaifufuza mofatsa.

Njira yoyamba yochizira vutoli ndi mapiritsi monga omeprazole, omwe amamwedwa mphindi 30 munthu asanadye. Ndi otsika mtengo ndipo amapezeka mosavuta, koma pakhosi pamachedwa kupola kusiyana ndi pachifuwa, moti dokotala akhoza kukuuzani kuti muwamwe kawiri patsiku kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kufooka kwake n'kwakuti amangochepetsa asidi, satseka khomo la pakati pa chifu ndi m'mero limene zam'mimba zikudzera pokwera. Amafunanso kuthandizidwa: kusiya fodya ndi mowa, kudya mgonero kutatsala maola atatu kuti mugone, ndi kukweza kumutu kwa bedi. Ine ndinaika njerwa ziwiriziwiri pansi pa miyendo yakumutu, ndipo kutsokomola kwa usiku kunachepa.

Opaleshoni ndiyo imakonza khomolo. Pa njira ya Nissen, yomwe dokotala Rudolph Nissen anaiyamba mu 1955, amatenga mbali yapamwamba ya chifu n'kuikulunga kuzungulira kumapeto kwa m'mero konse, ngati mpango womangidwa pakhosi. Imatseka mwamphamvu, ndipo mphamvu yomweyo ndiyo imadzetsa madandaulo: chakudya chimavuta kutsika masabata oyamba, ena amalephera kugeya kapena kusanza, mimba n'kumadzaza mpweya. Njira ya Toupet imakulunga madigiri 270 okha, kutanthauza magawo atatu mwa anayi a kuzungulira m'mero, chakumbuyo, n'kusiya mpata kutsogolo. Mavuto a kumeza ndi mpweya amachepa, ndipo madokotala ambiri amaisankha kwa munthu amene m'mero wake sukankha bwino chakudya. Zonse ziwiri masiku ano zimatheka kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pamimba. Palinso LINX, kamkanda ka maginito kovekedwa pam'mero, kamene kanaloledwa ku America mu 2012, koma n'kodula.

Nditafika pofunika mpeni, ndingapendekere ku Toupet, popeza nsima imafuna m'mero womasuka. Komabe chimene chimandidetsa nkhawa si kusankha pakati pa ziwirizi. Opaleshoni imathandiza bwino amene ali ndi chilungulira cha pachifuwa, amene chakudya chimawabwerera m'kamwa, kapena amene mbali ya chifu chawo inalowerera m'chifuwa. Kwa amene vuto lawo lili pakhosi pokha zotsatira sizidalirika chimodzimodzi, chifukwa kusasa mawu kumabweranso ndi chimfine chosatha, fumbi la mu Okutobala, utsi wa nkhuni, ngakhale kulankhula mokweza tsiku lonse. Munthu akhoza kung'ambidwa, mawu n'kukhalabe osasa. N'chifukwa chake dokotala wosamala amayamba wayeza asidi kwa maola 24 ndi kuona mmene m'mero ukukankhira chakudya.

Kuno kwathu pali china choopsa kuposa asidi. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri, ndipo TB nayo imatsokomoletsa ndi kusasitsa mawu. Ngati nsima yayamba kukana kutsika, thupi likutha, kapena mawu asasa kupitirira masabata atatu, musapitirize kugula mapiritsi pakauntala. Pitani kuchipatala, akayeze makhololo, ndipo mupemphe kalata yopitira ku Kamuzu Central Hospital kuti akakuunikeni kum'mero ndi kamera.