Tsamba la mafilimu la NFB, kumene bungwe la boma likuonetsa zimene linaletsa lokha

Filimu yoyamba imene ndinaonera pa tsamba la pa intaneti la National Film Board of Canada, bungwe limene limadziwika mwachidule kuti NFB, inali ya mphindi 8 zokha, komabe ndi imene inandikhazika pa tsambali kwa milungu ingapo. Dzina lake ndi Neighbours, ndipo anaipanga ndi Norman McLaren mu 1952. Amuna awiri akhala pamipando kunja kwa nyumba zawo za makatoni, aliyense ali ndi nyuzipepala m'manja ndi kaliwo kukamwa, mpaka pamene duwa limodzi laphuka pakati penipeni pa mabwalo awo. Ayamba ndi kulinunkhiza mosinthana, kenaka alimbirana malire, amanga mpanda, azula mitengo ya mpandawo n'kumakanthana nayo, ndipo nkhope zawo zisanduka za zilombo. Pakutha pa zonse aliyense agwetsa nyumba ya mnzake, apha mkazi ndi khanda la mnzakeyo, onse awiri n'kufera pa udzu womwewo. Filimuyi inalandira mphoto ya Oscar mu 1953, koma kwa zaka zambiri anthu ankaionera itadulidwa gawo la kuphedwa kwa amayi ndi makanda, popeza oigulitsa ankati n'lankhanza kwambiri, ndipo McLaren anadzalibwezeretsa m'zaka za m'ma 1960, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati.

Tsambali linatsegulidwa mu 2009, ndipo lili ndi mafilimu masauzande ambiri amene munthu amaonera kwaulere, osalipira mwezi ndi mwezi monga zimakhalira ndi makampani a malonda. Lilipo m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, ndipo bungweli lili ndi pulogalamu yake ya pafoni ndi ya pa wailesi ya kanema. Zambiri zimene zilipo ndi mafilimu ofotokoza zochitika zenizeni ndiponso makatuni aafupi, kuyambira a nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kufikira a zaka zino, ndipo pansi pa filimu iliyonse pali chaka, mayina a oipanga ndi mawu ochepa ofotokoza nkhani yake. Kufufuza ndi dzina la wotsogolera filimu n'kosavuta, ndipo ndi njira imene ndingalimbikitse, chifukwa imaonetsa ntchito ya munthu mmodzi kuyambira pa unyamata wake mpaka ukalamba. Chofooka chachikulu kwa woonera amene ali kunja kwa Canada n'chakuti mafilimu ena amatsekedwa m'mayiko ena chifukwa cha mapangano a umwini, ndipo amene sadziwa Chifalansa sangamve zonse zimene zili kumbali ya chinenerocho.

Koma chimene chandichititsa kulemba si kuchuluka kwa mafilimu kapena ulere wake. N'chakuti nyumba imeneyi ndi ya boma, imayendera ndalama za misonkho, ndipo m'mashelefu mwake muli mafilimu amene iyo yomwe inawalipirira, kenaka n'kuwatsekera m'kabati. NFB inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo ya Canada mu 1939, mtsogoleri wake woyamba ali John Grierson wa ku Scotland, ndipo ntchito imene lamulo la 1950 linaipatsa inali yolongosola Canada kwa anthu a m'dzikomo ndi kwa mitundu ina. Mkulu wa bungweli amasankhidwa ndi boma, ndipo ndalama zake zimavomerezedwa ndi aphungu chaka ndi chaka. Aliyense amene amaganizira za luso lothandizidwa ndi boma amadziwa funso limene limabadwa pamenepa: kodi wolipira kamera ndi malipiro a ojambula adzalola kuti kamerayo imuloze iye mwini, kapena iloze anzake a chuma amene amadya nawo?

Yankho lomveka kwambiri ndi filimu ya Denys Arcand yotchedwa On est au coton, imene inamalizidwa mu 1970. Dzinali ndi mawu a Chifalansa cha ku Quebec, chigawo china cha Canada, otanthauza kuti tatopa kotheratu, koma likutchulanso thonje, chifukwa nkhani yake ndi ya anthu ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu a m'chigawocho. Ndi filimu yaitali, yopitirira maola awiri ndi theka, yopanda mitundu, ndipo chimene chimakhalira m'mutu mwa woonera ndi phokoso la makina oluka nsalu, limene Arcand amalisiya kuti lilire kwa nthawi yaitali mpaka khutu liyambe kuwawa. Munthu ukamva phokosolo sufunikanso kuuzidwa chifukwa chake antchito ambiri ankagontha, kapena chifukwa chake fumbi la thonje linkawadya mapapo. Eni mafakitale anadandaula, ndipo Sydney Newman, amene anali mkulu wa NFB kuyambira 1970 mpaka 1975, anailetsa. Inali nyengo yovuta ku Quebec, chaka chomwecho cha chipwirikiti cha mu Okutobala 1970 pamene boma linatumiza asilikali m'misewu ya Montreal, ndipo chilichonse chonunkha ndale za antchito chinkaopedwa. Makope a filimuyi ankayenda m'chibisibisi pakati pa ophunzira ndi a mabungwe a antchito, bungwe linadzaitulutsa mu 1976 itadulidwa, ndipo yathunthu inaoneka mu 2004.

Ndimayamikira ndi mtima wonse kuti NFB sinawotche ntchito zotere ndiponso kuti sibisa mbiri imeneyi, pakuti maboma ambiri akaletsa chinthu amafafaniza ndi umboni womwe wakuti chinalipo. Komabe sindifuna kuti kuyamikira kwanga kuphimbe chimene chinatayika. Filimu ya Arcand inapangidwa kuti ilankhule pamene makina anali kulira ndipo antchito anali ndi mwayi wokakamiza mabwana awo kusintha zinthu. Kuikhalira zaka 6, ndi kuibweza yathunthu patapita zaka 34 pamene mafakitale ambiri a nsalu a ku Quebec anali atatsekedwa kale, kunaisandutsa mbiri yakale yoonera ophunzira a m'mayunivesite. Uku ndiko kuletsa kumene mwini thumba amakudziwa bwino, ndipo n'kosiyana ndi kuletsa kwa lamulo. Ku Britain, mwachitsanzo, kuyambira 1737 mpaka 1968 sewero latsopano linkayenera kulandira chilolezo cha Lord Chamberlain, mkulu wa ku nyumba yachifumu, lisanakwere pa nsanja, ndipo wolemba ankadziwa ofesi imene yadula mawu ake, kotero kuti anthu anatha kulimbana nayo mpaka kuigwetsa. Wopereka ndalama safunika lumo lotero. Amangochedwetsa, kapena kusiya kuyankha makalata, kapena kuchepetsa thumba la chaka chamawa, ndipo palibe chikalata choti wolakwiridwa apite nacho kukhoti.

Nkhani ya filimu ya Paul Cowan yonena za Billy Bishop ikuonetsa mtundu wina wa chitsenderezo, ndipo ikukhudza zisudzo za pa nsanja. Bishop ndi ngwazi ya Canada ya pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, woyendetsa ndege amene analembedwa kuti anagwetsa ndege 72 za adani ndipo analandira mendulo ya Victoria Cross chifukwa choukira yekha bwalo la ndege la Ajeremani pa 2 Juni 1917. Filimuyo, The Kid Who Couldn't Miss, inasakaniza zithunzi zakale ndi zigawo za sewero lodziwika la pa nsanja, ndipo inakayikira ngati zonse zimene Bishop ananena zinachitikadi, popeza pa ulendo wa tsikulo panalibe mboni. Asilikali akale anapsa mtima, nkhani inafika ku nyumba ya Seneti, komiti inaitanitsa anthu kudzayankha, ndipo mapeto ake filimuyo inapatsidwa chizindikiro chakuti ndi sewero losakaniza zoona ndi zopeka. Apa ndiyenera kunena mosapsatira kuti odandaulawo anali ndi mfundo, chifukwa Cowan anaika mawu okayikira m'kamwa mwa wochita sewero amene ankayimira makaniko wa Bishop, chinthu chimene chikanasokoneza woonera wosadziwa. Koma kulakwa kwa wojambula kuyenera kutsutsidwa ndi akatswiri a mbiri ndi olemba ndemanga, osati ndi aphungu omwewo amene mawa adzavota za ndalama za bungwe lake.

Pali mbali ina imene ndalama za boma zinateteza mawu amene msika sukanawalola, ndipo kusaitchula kungakhale kunama. Mu 1974 Kathleen Shannon anayambitsa Studio D, nthambi ya NFB yoperekedwa kwa amayi opanga mafilimu, ndipo kuchokera kumeneko kunatuluka If You Love This Planet ya Terre Nash mu 1982, imene ndi nkhani ya dokotala Helen Caldicott yochenjeza za zida za nyukiliya. Unduna wa zachilungamo wa ku United States unalamula kuti filimuyi, pamodzi ndi ena awiri a NFB onena za mvula ya asidi, ilembedwe kuti ndi nkhani zokopa za ndale zochokera ku boma lakunja. Chaka cha 1983 inapata Oscar, ngakhale kuti mu 1987 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti boma silinalakwe poika chizindikirocho. Chimodzimodzinso wopanga mafilimu Alanis Obomsawin, amene mu 1990 anakhala pamodzi ndi anthu a mtundu wa Mohawk atazingidwa ndi apolisi ndi asilikali pa mkangano wa masiku 78 wa ku Oka, tauni ya ku Quebec, umene unabuka chifukwa chofuna kukulitsa bwalo la gofu pa malo amene anthuwo amati ndi a makolo awo. Filimu yake ya mu 1993, Kanehsatake: 270 Years of Resistance, ikuonetsa asilikali a boma lomwe linalipira kamerayo akukankhana ndi amayi ndi ana pa waya waminga, ndipo sindikudziwa kampani ya malonda imene ikanasunga wojambula kuseri kwa mpanda wotero kwa milungu yonse ija.

Studio D inatsekedwa mu 1996 pamene boma linadula kwambiri ndalama za bungweli, ndipo mu 2012 thumba linachepetsedwanso ndi gawo limodzi mwa magawo 10, zimene zinachititsa kuti malo oonerako mafilimu a NFB a ku Toronto ndi ku Montreal atsekedwe. Palibe amene anaimirira n'kunena kuti akuletsa mafilimu a amayi, komabe khomo limene ankalowera linatsekeka. N'chifukwa chake ndikadakonda kuti tsambali liike poyera, pafupi ndi filimu iliyonse imene inaletsedwa kapena kudulidwa, mbiri yathunthu ya amene anailetsa, chaka chake ndi chifukwa chimene anapereka, komanso kuti mafilimu oterewa asonkhanitsidwe pamalo amodzi oonekera pa tsamba loyamba. Mawu ochepa ofotokoza nkhani sakwanira kunyamula zonsezi, ndipo woonera wachinyamata akhoza kutha maola awiri ndi theka akumva makina a Arcand osazindikira kukula kwa nkhondo imene inamenyedwa kuti iye awamve.

Kwa wophunzira za mafilimu, wolemba masewero, kapena aliyense amene akukonza malamulo a thumba lothandizira luso, tsambali ndi sukulu imene ndingaiike patsogolo pa mabuku ambiri a mfundo. Ndingalangize kuyamba ndi Neighbours chifukwa ndi yaifupi ndipo ilibe zolankhula zofuna kumasulira, kenaka filimu ya Obomsawin, ndipo ya Arcand isungidwe usiku umene munthu ali ndi nthawi yokwanira ndi zomvera m'makutu zabwino, chifukwa theka la umboni wake lili m'phokoso, ndipo sipika ya foni imalichepetsa kukhala kulira kwa njuchi.