Kabuku ka padepoti, apu ya pafoni ndi dikishonale ya amalume: mwana timupatse chiti?

Chidandaulireni ine za Chingerezi cha ana athu pa msonkhano wa makolo teremu yatha, anthu akhala akundiimika pa Kamuzu Road kufunsa kuti nanga mwana timugulire chiyani cha Chingerezi. Nkhawa yake ndikuimvetsa, pajatu ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE suiona ngakhale masamu uwakhoze chotani. Ndiyankhe kamodzi pano. Ndayesa zinthu zitatu ndi mwana wanga wachisamba amene ali Folomu 3, ndipo chimodzi mwa izo ndikachikumbuka mtima umandiwawabe.

Ndikunena kabuku kofotokopa kaja kamene anyamata amayenda nako padepoti. Amene anandigulitsa anali wapakamwa. "Bwana, umu muli mawu onse obwera pa mayeso." Nditatsegula ndinakopeka. Mawu anawaika m'magulumagulu malinga ndi zilembo zimene akufanana, tanthauzo la Chichewa pambali. Tsamba lina linali la ough lokhalokha: though, through, tough, cough, bough, dough, drought. Ndinati uyu aziloweza gulu limodzi patsiku ngati ndakatulo, n'kupereka ndalama ya ndiwo ya tsikulo.

Analowezadi. Patatha masabata atatu anabwera ndi kope la chimangirizo, cholembera chofiira chitazinga chiganizo chakuti "My mother bough usipa at Senga Bay". Iye anakakamira: "Ababa, ndalondola, aphunzitsi ndi amene alakwitsa." Anathamangira kabuku kaja. Zoonadi, pa bough panalembedwa kuti "anagula". Wotaipa anameza t wa bought. Bough ndi nthambi yaikulu ya mtengo. Ndiye kuti mwana wanga anauza aphunzitsi kuti amayi ake "nthambi" usipa, ndipo kunena kwake kunali kodzidalira, chifukwa kabukuko anagula ndi bambo ake. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo.

Usiku womwewo ndinakhala pansi ndi tochi. Dessert anati chipululu, pamene chipululu ndi desert wa s mmodzi, winayo ndi chakudya chotsekemera chotsirizira. Loose anati kutaya, pamene kutaya ndi lose, loose ndi chinthu chokhwefuka. Ndinalekera pa tsamba 12, tulo titandibalalikira.

Koma zolakwika za wotaipa ndi zazing'ono. Vuto lenileni ndi nzeru imene kabukuko kamaika m'mutu mwa mwana, yakuti mawu akafanana zilembo ndiye kuti ndi apachibale. Ife Chichewa timawerenga mmene chalembedwera, ndipo mwana amapita nacho chizolowezicho ku Chingerezi. Ataphunzira kuti tough amathera ndi f, wanga anayamba kutchula though kuti "thafu". Chonsecho though amathera ndi o, through ndi u, cough ndi of, bough amathera ngati cow. Matanthauzo nawo ali kutalikutali: ngakhale, kupyola, kutsokomola. Dough ndi ufa wokanda wa mandasi, drought ndi chilala. Zilembo zinayi zomwezo, chibale palibe, ndipo kabukuko sikanenapo kanthu za katchulidwe.

Ndisanamize, nthawi zina chibalecho chimakhalapo. Import, export, transport ndi portable onse anachokera ku liwu la Chilatini portare, kutanthauza kunyamula. Telephone ndi television ali ndi tele wa Chigiriki, kutanthauza kutali. Mwana akadziwa zimenezi amatha kulota tanthauzo la liwu lachilendo. Kabuku kathu kanaponya portrait, chithunzi cha munthu, m'gulu lomwelo la port osafotokoza chilichonse, ngati wosankha usipa mumdima.

Apu ya pafoni ili ndi chabwino chimodzi chimene sindingachikane: imalankhula. Ukadina kasipika umamva liwu mmene eni ake amalitchulira. Kwa ife zimenezi n'zofunika pa l ndi r. M'Chichewa zilembo ziwirizi sizisintha tanthauzo, timangolemba r pambuyo pa i kapena e basi. Ku Chingerezi light si right, collect si correct, fly si fry. Mwana anamva kusiyanako tsiku loyamba lomwe. Kudawuniloda kunali kwaulere, komatu kaulere kake n'kachiphamaso. Mawu atatu alionse kanema wa malonda, bando ya sabata inkatha Lachitatu. Kenako kasipika kaja kanatsekedwa, akuti ndilipire pakhadi, mtengo wake m'madola. Komanso foni ndi yanga, ndimapita nayo ku geni. Ikatsala kunyumba ndimapeza WhatsApp ndi imene yaphunziridwa.

Dikishonale ndinaipeza m'sutikesi ya malemu amalume, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Nkhotakota. Chikuto chinachoka, chiswe chinadya Y ndi Z. Ndi yolemera, ya Chingerezi chokhachokha, ndipo tizizindikiro ta katchulidwe tinativutikira sabata yathunthu tisanayambe kutimva. Kupeza liwu limodzi mwana amadandaula kuti kukuchedwa. Koma titatsegula pa B, bough ndi bought anali moyandikana, wina pamwamba wina pansi. Pa bought inatilozera ku buy, komwe tinapeza ziganizo zachitsanzo. Mwanayo anayang'ana kanthawi, n'kuseka yekha. Chimene kabuku kanasokoneza masabata atatu chinawongoka pa tsamba limodzi.

Mwina ndikukondera chifukwa ndi ya amalume, ndivomera. Yatsopano mtengo wake ndi wowawa, koma pa mabuku akale ogulitsa pansi ku Lilongwe imapezeka. Muziyamba mwaphenya masamba a pakati musanalipire. Kwathu tsopano dikishonale ndi ya tsiku lililonse, foni ndi ya Loweruka ine ndili pompo, kumvetsera mawu amene walemba pakapepala sabata yonse pa apu ina imene sinayambe kulipiritsa. Kabuku kaja amayi ake anayatsira mbaula.

Mnyamata uja ndinakumana nayenso padepoti mwezi watha, akunyengerera mayi wina. Ndinamufunsa kuti achimwene, bough ndi chiyani? Sanaphethire n'komwe. "Anagula, bwana."