Alien kapena The Thing, ija ya chifuwa chong'ambika ndi iti?

Mnzanga wina wandivuta sabata yonse eti ndimupezere dzina la filimu yomwe anaonera ku vidiyo ali mwana, masiku aja tinkakhala pa benchi titapanikizana ngati matemba. Akuti munthu anagona pa tebulo chifuwa nkung'ambika, kunja kunali chisanu chokhachokha, anthu anali ndi mfuti yolavula moto, komanso munali pusi. Ndinaseka, ndati amwene apa mwaphika mafilimu awiri mumphika umodzi. Pusi ndi wa mu Alien ya 1979, chisanu ndi cha mu The Thing ya 1982. Koma sindikumunena ayi, chifukwa tebulo, chifuwa ndi moto zilimo monse muwiri, ndiye ukaonera uli ndi zaka 10 maso utaphimba ndi zala zimasakanikirana basi.

Ndiululako zambiri apa, koma mafilimu a zaka zopitilira 40 musandidandaulire.

Chifuwa chija tiyambe nacho. Mu Alien anthu ali pa chakudya akuseka, Kane (John Hurt) wangotsitsimuka kumene chinthu china chitamumata kunkhope, kenako akuyamba kutsamwa, anzake akumugoneka pa tebulo pomwepo pakati pa mbale, ndiye kanthu kakang'ono kokhala ngati njoka ya mano kakuboola kuchokera mkati, kakuyang'ana uku ndi uku nkuliyatsa liwiro. Mu The Thing ndi zina. Norris wagwa ngati mtima waima, dokotala Copper akumuthira shoko ndi makina aja amagetsi, kachiwiri manja akungolowa mkati chifukwa chifuwa chatseguka ngati kamwa, mano ali ngwee, nkumudula manja onse awiri. Pambuyo pake mutu ukuduka wokha, kugwa pansi, kumera miyendo ngati kangaude nkumayenda. Ngati mukukumbuka mutu woyenda, musavutike, ndi The Thing imeneyo.

Alien anaipanga ndi Ridley Scott. Chombo dzina lake Nostromo, anthu 7 ndi pusi Jones, ndipo chimene chimandisangalatsa nchakuti anthuwa si asilikali kapena akatswiri a sayansi ovala zoyera, ndi antchito wamba okoka katundu mumlengalenga, ngati madalaivala a thiraki. Parker ndi Brett filimu ikungoyamba ali kale pa nkhani ya bonasi, kudandaula kuti iwo a ku injini amalandira zochepa kkkk. Ripley (Sigourney Weaver) anakana kutsegula chitseko pomwe anzake anabwera ndi Kane, anati lamulo likuti akhale kunja maola 24, koma Ash anatsegula. Kumapeto ukuzindikira kuti Ash ndi loboti, magazi ake oyera ngati mkaka, ndipo kampani inamutuma kuti chilombocho chifike chamoyo, antchitowo kaya afe zilibe kanthu. Aliyense amene anagwirapo ntchito kwa bwana wouma mtima pamenepa amangogwedeza mutu.

Chilombo chake anachijambula ndi H.R. Giger wa ku Switzerland, mutu wautali wopanda maso, kamwa ina mkati mwa kamwa, magazi ake asidi woti akadontha amaboola chitsulo, ndiye sungachiwombere chisawawa muli mu chombo. Ambiri sadziwa kuti mkati mwa chovalacho munali m'bale wathu wa ku Nigeria, Bolaji Badejo, mnyamata wowonda wamtali kupitilira mamita awiri yemwe anamupeza mu bala ku London, ndipo filimu yake inali yokhayi. Scott anachenjera, chilombo sachionetsa kwambiri, umangoona mchira apa, dovu apo, mthunzi mu mapaipi. Filimuyi inapata Oscar ya ma effects. Chovuta chake nchakuti imayamba mwaulesi zedi, pafupifupi ola lathunthu anthu akungodzuka, kudya, kuyendayenda, moti ku vidiyo kuja anthu akanayamba kukuwa kuti tibwezereni ndalama zathu. Ndipo kumapeto chikaonekera thupi lonse kunja kwa kachombo kothawira umaona ndithu kuti uyu ndi munthu wavala chovala.

Tsono The Thing ya John Carpenter, iyi ndiye ine imandisowetsa tulo. Ikuyamba ndi galu akuthamanga pa chisanu ku Antarctica, helikopita ikumuthamangitsa, munthu akumuwombera. Iwe ukumvera chisoni galu. Anthu a mu helikopita ndi a ku Norway, ndipo mmodzi akukuwa mu chiyankhulo chakwawo kuti thawani, ameneyo si galu, koma a ku America aja sakumva kanthu, akumuwombera iyeyo nkulowetsa galu m'nyumba. Amuna 12, palibe mkazi ngakhale mmodzi, wailesi sikugwira, nyengo yozizira ikuyamba kumene. Chinthucho chilibe thupi lakelake, chimalowa mwa galu kaya mwa munthu nkumutengera chilichonse, mawu, nthabwala, mayendedwe, moti yemwe wamwa naye khofi mamawa mwina si iyeyo.

Apa mpomwe ziwirizi zimasiyanirana kwenikweni. Mantha a mu Alien ndi a fisi amene walowa m'mudzi, nonse mukudziwa kuti mdani ndi uyo, mumagwirizana, mumatenga miuni. Mantha a mu The Thing ndi aja a pamudzi pakagwa maliro atatu otsatizana anthu nkuyamba kuyang'anana m'maso kuti kodi akutitha ndani. Anthu amangana ndi zingwe, Blair akuphwanya wailesi ndi nkhwangwa nkutsekeredwa mu kanyumba kayekha, wina akuwomberedwa ali munthu weniweni wosalakwa. Ndiye pali pomwe MacReady (Kurt Russell) akutenga magazi a aliyense mu timbale, kuotcha waya nkumagunditsa mmodzimmodzi, poganiza kuti magazi a chinthucho athawa moto okha. Ine pamenepa ndimangoona mwabvi weniweni, aliyense ali chete kudikira kuti mbale yake inena zotani, ngakhale amene akudziwa kuti ndi wosalakwa thukuta lili kamukamu mu chisanu chonsecho. Ndaonera kambirimbiri koma mbale ya Palmer ikadumpha ndimadzidzimukabe.

Zambiri mwa zonyansa zija anapanga ndi manja Rob Bottin ali ndi zaka za m'ma 20 zoyambirira, labala, mawaya, zomatamata, kompyuta ayi, nchifukwa chake mpaka lero zimaoneka zonyowa zoti ungazigwire. Nyimbo ndi ya Ennio Morricone, kugunda kuwiri kokha ngati mtima, dum dum. Koma musaonere mukudya nsima, makamaka pa khola la agalu paja. Komanso kunena chilungamo amuna a ndevu ovala majekete ofanana aja ulendo woyamba umasokoneza kuti Fuchs ndi uti Bennings ndi uti, pomwe a mu Alien onse 7 umawadziwa msanga.

Chodabwitsa nchakuti itatuluka pa 25 June 1982 anthu anaikana. Olemba nyuzi anainyoza kuti ndi zonyansa chabe, ndalama inabwera yochepa, pafupifupi madola 19 miliyoni pomwe anaonongera 15 miliyoni. Masabata awiri m'mbuyo mwake kunali kutatuluka E.T., kachilombo kokoma mtima kofuna kubwerera kwawo, ndiye anthu sanafune za galu wong'ambika nkhope. Inadzatchuka pambuyo pa matepi a vidiyo. Alien yokha inagulitsa kuyambira tsiku loyamba nkubereka ana ndi zidzukulu.

Posakasaka samalani ndi mayina. Mukaona asilikali ambirimbiri ndi kamtsikana kotchedwa Newt, imeneyo ndi Aliens ya 1986 ya James Cameron, yabwino koma ndi ya nkhondo. The Thing nazo zilipo zitatu. Yopanda mitundu, black and white, ndi The Thing from Another World ya 1951, ili kumpoto ku Arctic ndipo chilombo chake ndi chimunthu chachitali chomwe akuti thupi lake ndi ngati chomera, sichisanduka anthu ayi. Ya 2011 dzina ndi lomwelo koma mtsogoleri ndi mkazi, Mary Elizabeth Winstead, ikufotokoza zomwe zinachitika ku kampu ya a ku Norway aja galu asanathawe, ndipo ma effects ake a pa kompyuta anakalamba msanga kuposa labala wa 1982. Ma The Thing atatu onsewa gwero lake ndi nkhani ya John W. Campbell ya 1938.

Ngati mukuonera ndi munthu amene sakonda magazi, kapena mukufuna filimu yooneka bwino yoti pamapeto wina apulumuke ndi pusi wake, tengani Alien. Ine voti yanga ili pa The Thing, chifukwa cha mathero aja, kampu yonse yapsa, MacReady ndi Childs akhala pa chisanu akupatsirana botolo, aliyense akumukayikira mnzake, moto ukuzilala, filimu nkuthera pomwepo. Mnzanga uja ndamutumizira zonsezi koma akuumirirabe kuti iye anaona pusi pa chisanu, ndiye tapangana Loweruka kwathu, ziwiri zonse motsatizana, magetsi akalola.