TTE, TEE kapena probe pamtima penipeni: iti pochotsa magazi oundana m'mapapo?

Magazi akaundana n'kutseka mtsempha waukulu wa m'mapapo, chimene chimapha munthu msanga ndi mbali yakumanja ya mtima. Imafufuma, imakankha khoma lapakati, mbali yakumanzere n'kumaoneka pa sikirini ngati chilembo D. Ndiye pa opaleshoni yochotsa magaziwa, mtima umenewu tiuonera pati? Njira zilipo zitatu, zonse za ultrasound, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi mafunde a phokoso. Kusiyana kwake ndi malo oikapo probe, kachipangizo kojambulirako.

TTE, yoika probe pachifuwa, nthawi yake ndi wodwala akadali maso. Kumugoneka ndi mankhwala ndiye pangozi penipeni, BP ikhoza kugwa kamodzin'kamodzi, choncho ndi bwino kudziwiratu. TAPSE, muyeso wa mmene mbali yakumanja ya mtima ikusunthira pogunda, ikakhala pansi pa mamilimita 17, mbali yakumanja yatopa kale. Koma akangomuika pa makina opumira n'kutsegula chifuwa, TTE yatha ntchito.

Ine mtima wanga uli pa TEE. Probe imalowa kummero n'kukakhala kuseri kwa mtima, osapinga dokotala amene akung'amba, ndipo imaonetsa kuyambira poyamba mpaka potseka. Imagwira magazi oundana amene akuyandama m'zipinda zakumanja, ndiye dokotala amadziwa poika mapaipi a bypass, makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo pa nthawi ya opaleshoni, osaphwanya magaziwo. Imaonetsanso PFO, kabowo ka pakhoma la pakati pa zipinda zam'mwamba za mtima kamene munthu mmodzi mwa anthu 4 alionse ali nako. Mphamvu ya magazi ikakwera kumanja kabowoko kamatseguka, chidutswa n'kudutsira kumanzere, ulendo wa ku ubongo. Sitiroko imeneyo. Pochotsa wodwala pa bypass, TEE yomweyo ndi imene imakuuzani ngati mwatsala mpweya mumtima.

Pali malo amene TEE siona, ndipo ambiri timaiwala. Njira ya mpweya yopita ku phapo lakumanzere imadutsa pakati pa m'mero ndi mtsempha wa phapo lomwelo, ndipo mpweya ndi mdani wa ultrasound. Musanene kuti kumanzere kuli bwino chifukwa simunaoneko kanthu. CT, sikani ya pachifuwa imene wodwala anajambulidwa kale, ikhale pafupi. Chinanso, wodwalayu wakhuta heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, mwina analandiranso alteplase, osungunula magazi oundana. Probe ikakanda m'mero, magazi sachedwa. Amene mitsempha ya kummero inatupa chifukwa cha chiwindi, ganizani kawiri musanawalowetse probe.

Apo m'pamene epicardial imalowera. Dokotala amaika probe m'thumba loyera n'kuigoneka pamtima ndi pamtsempha penipeni, mbali yobisika ija n'kuonekera. Vuto lake, opaleshoni imayamba yaima, ndipo dzanja likangochoka chithunzi chapita.