Ndemanga ya zipangizo zisanu zimene ndinagulira mfuti yanga yopinda, zitaona dzinja la ku Zomba

Ndine mlimi kuno ku Zomba, chakumunsi kwa Thondwe, ndipo ndili ndi mfuti ya chiphaso cha boma imene ndimaisunga kaamba ka chitetezo cha pa famu. Ndi ya mtundu uja umene umadya zipolopolo za pisito za 9mm, koma uli ndi mpope wautali ndi potsamiritsa paphewa, komanso umapindika pakati mpaka kukwana m'chikwama. Mu Ogasiti chaka chatha ndinaitanitsa zipangizo zisanu kudzera kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka wa ku Blantyre: kagalasi kolozera ka kadontho kofiira kamene amakatchula red dot, chitsulo chokhazikapo kagalasiko chimene chimatembenukira kumbali, mpira wovekera pamene tsaya limagona, lamba wopachikira paphewa, ndi chikwama chonyamulira. Ndachedwa dala kulemba ndemangayi kufikira mvula itatha, chifukwa kwa ine chitsulo chimene sichinakhalepo m'chinyezi cha ku Zomba kuyambira Disembala mpaka Malichi sichinayesedwe.

Amene sanaigwirepo mfuti yotereyi ayenera kumvetsa kaye kapindidwe kake, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Opanga mfuti anatsata njira zosiyana. Kel-Tec SUB-2000, imene inatuluka mu 2001, imapindika chokwera: mpope umadzuka n'kukagona chagada pamwamba pa theka lakumbuyo, ndipo mfuti ya masentimita oposa 70 imatsala pafupifupi 41. Smith & Wesson M&P FPC ya mu 2023 imapindikira kumbali, choncho chilichonse chokhala pamsana pake sichisokonezedwa. Ruger PC Carbine ya mu 2017 siipindika konse, koma imagawika pawiri. Yanga ndi ya kapindidwe koyambako, ndipo zotsatira zake n'zodziwikiratu: mukamangirira kagalasi pamsana pa mpope, kagalasiko ndi kamene kamayamba kugunda theka lakumbuyo, mfuti n'kukana kutsekeka. Munthu amene wagula mfuti yopinda n'kuiveka zinthu mpaka italeka kupindika ali ngati wogula njinga n'kumaikankha ulendo wonse. Choncho chipangizo chilichonse ndinachiyeza ndi mafunso awiri okha, loti kodi mfuti ikupindikabe, ndi loti kodi chipirira chinyezi.

Za wogulitsa ndinena mwachidule. Ndisanalipire ndinapita kaye ndi mndandanda wa zipangizozo kupolisi, chifukwa nkhani za mfuti m'dziko muno zili pansi pa lamulo la 1967 lija la Firearms Act, ndipo sindinafune kuika chiphaso changa pachiswe chifukwa cha lamba ndi chikwama. Katundu anandilonjeza kuti afika m'masabata atatu, koma anafika patatha masabata asanu ndi atatu, ndipo chifukwa chimene anapereka ndi kusowa kwa ndalama zakunja, zimene aliyense woitanitsa katundu masiku ano angazimvetse. Chimene sindinachimvetse n'chakuti pa nthawi yonseyo sanandiimbirepo foni ngakhale kamodzi. Ine ndi amene ndinkawasakasaka. Komabe bambo amene anandithandiza pa kauntala ankaidziwa ntchito yawo, ndipo pamene ndinakana tochi ndi chogwirira chakutsogolo zimene ankafuna kundiwonjezera, sanandiumirize.

Chitsulo chotembenukacho ndicho chinadya ndalama zambiri, moti mtengo wake unaposa wa lamba, mpira ndi chikwama mukaziphatikiza. Chimamangiriridwa m'mbali mwa chogwirira cha mpope, pa timipata ta M-LOK, kamangidwe kamene kampani ya Magpul inayambitsa mu 2014, ndipo pamwamba pake pali kanjanji ka mano ka Picatinny pamene kagalasi kamakhala. Mukafuna kupinda mfuti mumakankhira kagalasi kumbali ngati chitseko, ndipo mukaitambasula mumakabwezera pamsana mpaka kamveke kuti kalowa m'malo mwake. Nkhawa yanga inali yakuti chinthu chimene chimachoka n'kubwerera sichingabwerere pamalo enieni nthawi zonse, ndipo pa mfuti kusuntha kochepa kwa pa kagalasi kumasanduka kuphonya kwakukulu pa chandamale.

Ndinachiyesa motere. Kuseri kwa khola la ng'ombe kuli chulu chachikulu chimene kumbuyo kwake kulibe njira kapena nyumba, ndipo ndinakhoma pepala patsinde pake, ine n'kukhala pa mtunda wa mamita 25, mfuti nditaigoneka pa thumba la madeya. Zipolopolo zitatu zoyamba zinagwa masentimita 6 m'munsi ndi masentimita 3 kumanzere kwa pamene kadontho kanaloza. Pa kagalasi kanga kupotokola kamodzi kumasuntha kadontho ndi muyeso umodzi wa MOA, umene ndi pafupifupi masentimita 2.9 pa mamita 100, kutanthauza mamilimita 7 pa mamita 25. Masamu amenewa ndi ofunika kuwachita ndi pensulo musanawombe, chifukwa kuno zipolopolo n'zodula ndiponso sizipezeka wamba, ndipo woyesa mongolota amatha bokosi lonse asanafike pakati pa pepala. Ndinapotokola kasanu ndi katatu chokweza ndi kanayi chakumanja, ndipo ndi zipolopolo 12 zokha ntchito inali itatheka. Kenako ndinatembenuza chitsulocho kakhumi, kupinda ndi kutambasula mfuti, n'kuwombanso katatu. Mabowo anasuntha osakwana masentimita 2, ndipo kunena zoona kusuntha kotereku kukhoza kukhala kwa manja anga a munthu wopitirira zaka 50, osati kwa chitsulo. Pamenepa ndinakhutira.

Vuto linadza pambuyo pake, nditawomba zipolopolo pafupifupi 60 pa miyezi iwiri. Tsiku lina mabowo anayamba kubalalika, ndipo nditagwira kagalasi ndinamva kakugwedera. Masikuluwu anali atamasuka. Mfuti za mtundu umenewu zilibe chokhoma kumbuyo kwa mpope monga mfuti zankhondo. Chimene chimagwira mphamvu ya wonga ndi kulemera kwa chitsulo chokankha zipolopolo pamodzi ndi sipuling'i yake, ndipo chitsulo cholemeracho chikamathamanga kumbuyo ndi kutsogolo chimagwedeza mfuti yonse. M'bokosi la chitsulo chotembenukacho munalibe guluu womangira masikuluwu, ndipo kapepala kake sikanatchule n'komwe za iye, chimene ndi cholakwa chenicheni pa katundu wodula chonchi. Guluuyo ndinakamupeza m'sitolo ya zipangizo za galimoto mu tawuni ya Zomba. Gulani wa buluu, amene amalola kumasula ndi sipanala; wofiira amafuna moto kuti amasuke, ndipo moto suyenderana ndi mfuti imene mbali yaikulu ndi pulasitiki. Kadontho kamodzi pa mano a sikuluwu n'kokwanira, ndipo asadonthere pa pulasitiki chifukwa pali mitundu ina imene amaiwononga. Musalimbitsenso ngati mukumanga gudumu la ngolo, pakuti pulasitikiyo imang'aluka. Chichitireni zimenezi sikunagwederenso.

Pali mtengo wina umene chitsulochi chimalipiritsa, umene suli wa ndalama. Nditaika mfuti pa sikelo yoyezera nandolo ndinapeza kuti yalemera ndi magalamu pafupifupi 400, pa mfuti imene payokha ili pafupi ndi makilogalamu 2, ndipo kulemera konseko kuli kutsogolo ndi kumbali imodzi. Ikapindidwa siyikhalanso yaphanthiphanthi monga kale, chifukwa kagalasi kamatuluka m'mbali ngati chotupa. Amene sanagule mfuti adziwe kuti Kel-Tec anathana ndi nkhani imeneyi pa SUB-2000 ya m'badwo wachitatu ya mu 2024, imene chogwirira cha mpope chimazungulira chokha popinda, kagalasi n'kupita kumbali popanda chitsulo chapadera. Kwa ife okhala ndi mfuti zakale njira ndi yomweyi ya chitsulo chotembenuka.

Kagalasi kenikeniko ndilibe nako dandaulo lalikulu. Ndinakagula chifukwa maso anga sathanso kuona bwino tizitsulo tolozera tiwiri ndi chandamale pa nthawi imodzi, pamene ndi kadontho mumangoyang'ana chandamale maso onse ali otsegula. Kadontho kake ndi ka 2 MOA, ndiye kuti pa mamita 50 kamaphimba malo a masentimita 3 okha. Kamayendera batire la CR2032, lofanana ndi la m'makiyi a galimoto ndi m'makompyuta, ndipo limapezeka mu tawuni, ngakhale kuti lotchipa limene ndinagula pamsika silinathe mwezi. Pa dzuwa la mu Okutobala ndinkafunika kukweza kuwala mpaka pafupi ndi mapeto, ndipo madzulo kuwala komweko kunkachititsa kadontho kuoneka ngati nyenyezi yophulika, choncho kumafuna kusintha malinga ndi nthawi. M'mawa wa nkhungu yotsika m'phiri galasi limachita nthunzi kunja, koma m'kati simunalowepo madzi dzinja lonse. Zinthu ziwiri zimene kapepala sikanena koma n'zofunika ndi izi: popeza kagalasi kali pamwamba pa mpope, pa mtunda waufupi ngati mamita 5 chipolopolo chimagwa m'munsi mwa kadontho ndi masentimita angapo, ndiponso mukasintha kulemera kwa zipolopolo, mwachitsanzo kuchoka pa za 124 grain kupita pa zopepukirapo za 115 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), muyenera kuyesanso pa pepala.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi chotchipitsitsa pa zonse, mpira wovekera pa paipi yakumbuyo. M'kati mwa paipi imeneyi ndi mmene chitsulo cholemera chija chimathamanga, ndipo tsaya la wowomba limagona pomwepo, moti kale ndikawomba kakhumi ndinkamva mano kunjenjemera, ndipo m'mawa wa mu Juni chitsulocho chimazizira ngati mwala wa mu mtsinje wa Mulunguzi. Mpirawo unathetsa zonsezi, unakwezanso tsaya pang'ono kuti diso lifanane ndi kagalasi, ndipo suletsa mfuti kupindika. Chenjezo lake n'limodzi: madzi akalowa pansi pake satuluka okha. Mu Febuluwale nditauvula ndinapeza timadontho ta dzimbiri tikuyamba, ndipo tsopano ndimauvula kamodzi pamwezi, kupukuta paipi ndi kupakapo mafuta pang'ono.

Lamba ndi wa nayiloni, womangirira malo awiri, ndipo ntchito yake akuigwira popanda chonena. Ndinangosintha mbali imene ngowe yakutsogolo imakola, chifukwa poyamba inkapanikizika pa mfundo popinda.

Chikwama ndicho chinandikhumudwitsa, ndipo pa ichi ndikhalitsapo chifukwa ambiri amaganiza kuti chikwama ndi chikwama basi. Choyamba, anachisoka poyeza mfuti yopanda kanthu, choncho ndi kagalasi kotuluka m'mbali zipi imatseka mokakamiza, ndipo pofika Januwale inali itayamba kulumpha mano. Wogulitsa amene anandigulitsa zonse ziwiri tsiku limodzi anayenera kudziwa kuti sizigwirizana. Chachiwiri ndi chachikulu: m'kati mwake muli siponji imene imamwa chinyezi n'kuchisunga. Nditabwera kumunda tsiku lina la mvula yamawawa ndinapukuta mfuti pamwamba, kuiika m'chikwama, n'kutsekera m'sefa, ndipo patatha masabata awiri ndinapeza dzimbiri pa mpope ndendende pamene siponji inkakhudza. Mbali ina ya mlanduwu ndi yanga, chifukwa mfuti siyenera kugona m'chikwama, koma nsalu imene amati siilowa madzi inanyowa mpaka m'kati ndi mvula imene munthu sangaithawire n'komwe. Mwayi wake dzimbirilo linali lapamwamba ndipo linachoka ndi mafuta ndi nsalu yokhakhala. Apa ndi pamene kupindika kwa mfutiyi kumathandiza, pakuti mukachotsa magazini, kabokosi kolowetsamo zipolopolo, kuonetsetsa kuti mulibe chipolopolo, n'kuipinda, kumbuyo kwa mpope kumakhala poyera, ndipo mumatha kusuzumira m'kati ndi kutsuka mwaye kuchokera kumbuyo monga zimafunikira. Mfuti zoterezi zimachita mwaye wambiri, ndipo mwaye ukakumana ndi chinyezi dzimbiri silichedwa.

Tsopano mfuti imagona yopindidwa m'sefa yokhoma, yopanda chovala chilichonse, pambali pake pali timatumba ta silica gel toyamwa chinyezi timene ndimatiumitsa mu uvuni wofunda pang'ono pakatha milungu ingapo, ndipo zipolopolo zili malo ena okhomanso. Mnzanga wa ku Jali amene ali ndi mfuti yofanana atandifunsa kuti ayambe ndi chiyani, ndinamuuza kuti agule mpira ndi lamba, ndipo ngati maso ake akuonabe bwino tizitsulo tolozera, ndalama ya kagalasi ndi chitsulo chake aigulire zipolopolo zophunzirira. Kwa ine wa maso otopa, kagalasi ndi chitsulo chotembenuka zikhalabe pamfuti, ndipo ndikanazigulanso, koma ndikanagulira limodzi guluu wa buluu tsiku lomwelo. Chikwama chija ndinachisokesa zipi yatsopano kwa telala wa ku Chinamwali, ndipo panopa chimanyamula majakisoni ndi mankhwala a ng'ombe.