Buku lolira la nyama za ku Australia: ndalipatsa nyenyezi zitatu

Ndinaliitanitsa pa intaneti kuti likhale mphatso ya mwana wa mchemwali wanga. Tsamba lililonse lili ndi chithunzi cha nyama ndi kabatani koti ukadina umve kulira kwake. Mapepala ndi okhuthala, sang'ambika wamba, ndipo mabatire anabwera ali kale m'kati.

Tsamba la mbalame yotchedwa lyrebird ndi limene landibwezera ndalama zanga. Mbalameyi ilipo ndithu m'nkhalango za kum'mwera chakum'mawa kwa Australia, ndipo chithunzi chake chili pa ndalama yachitsulo ya masenti 10. Yamphongo imaunjika kachulu ka dothi, n'kuyala mchira wake pamwamba pa mutu, kenako n'kuyamba kutsanzira mbalame zina, kookaburra ndi zinzake. Mawu a m'bukumu akumveka kuti anajambulidwa kutchire kwenikweni. Mwana amadina mpaka akulu kutopa nazo.

Pamene ndadandaula ndi pa tsamba loyang'anana nalo, la thylacine. Iyi si mbalame yoikira dzira ayi. Inali nyama yoyamwitsa ya mizere kumsana, yolerera ana m'thumba monga kangaroo, kungoti thumba lake linkatsegukira kumbuyo. Boma la Tasmania, chilumba cha kum'mwera kwa Australia, linkapereka paundi imodzi pa yaikulu iliyonse yophedwa kuyambira 1888 mpaka 1909, ati inkagwira nkhosa. Yomaliza yodziwika inafera kumalo osungirako nyama a Beaumaris ku Hobart, likulu la Tasmania, pa 7 September 1936. Makanema ake alipo, koma ndi opanda mawu, ndipo palibe anajambulapo kulira kwake. Nanga opanga bukuli anaika chiyani pa batani? Kuuwa kwa galu, galu weniweni wa pakhomo! Pano mwana akuumirira kuti ndi galu wamizere, chonsecho achibale ake ndi nyama za ku Australia zotchedwa Tasmanian devil ndi numbat.

Kuli bwino akanangosiya tsambalo lopanda batani n'kulemba chifukwa chake. Malo analipo okwanira. Akanatha kutchulanso kuti lyrebird anayamba kuitengera ku Tasmania komweko mu 1934 poopa kuti itha kumtunda ku Australia, thylacine yomaliza ikadali moyo, ndipo mpaka lero mbalameyi ili mbwee pachilumbapo.

Mukagula, khalani pafupi mwana akafika tsamba limenelo kuti mumufotokozere. Dziwaninso kuti bukuli lilibe pochepetsera mawu, choncho usiku muzilibisa.