Batire ya 12V 7Ah pa loboti ya ana a sekondale: ndi yolimba koma yolemera

Batire yotseka ya 12V 7Ah, ija imapezeka m'mashopu a zasola pa Kasungu boma, ndi yoyenera magulu a sekondale opanga loboti ya mpikisano. Sidontha asidi, ndipo imapirira manja a ana. Vuto lake ndi kulemera: pafupifupi makilogalamu 2, m'litali mamilimita 151, m'lifupi 65.

Mukaiika pamwamba, loboti imagubuduka ikangokhota mwadzidzidzi. Ikhale pansi, pakati pa mateyala. Pangani kabokosi ka pulayiwudi kosiya mpata wa mamilimita 3 mbali zonse, muyale chidutswa cha patapata pansi, kenako mumange ndi malamba awiri a Velcro. Ma cable tie, timalamba tapulasitiki tosamasuka popanda kudula, asiyeni. Mpikisano uli mkati simungapeze nthawi yodula ndi kumanganso.

Ambiri amapunthwa pa mateminolo, tizitsulo tiwiri ta pa batire tolumikizapo mawaya. Timapini ta kumapeto kwa mawaya tolowetsa pa mateminolo timasololoka ndi kugwedezeka, loboti n'kuzima pakati pa bwalo. Tipaneni ndi pulayala, mukulunge tepi, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi teminolo yofiira. Chitsulo chikakhudza mateminolo onse awiri, mawaya amapsa pompo.

Pogula, pimani ndi mita yoyezera mphamvu ya magetsi. Ikasonyeza pansi pa 12.4V ndiye kuti yakhalitsa pashelefu, pemphani ina.